Ng'ombe Zisatuluke M'khola

Mzimba Boma
8 Ogasiti 2016

Okondedwa azakhali a Felesta,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ankolo ndi ka Perpetua. Kuzizira kwa ku Luwawako kwachepako? Ine kuno makina osokera akuyenda, koma mtima ayi.

Kalatayi ndapatsira a Wilkins a lole ya matabwa. Chonde musandiimbire foni. Ndikudziwa kuti kumeneko netiweki imagwira pa chulu chokha chija cha kuseri kwa sukulu, ndipo pachulupo aliyense khutu limakhala pa foni ya mnzake.

Lachinayi lapitali kutchalitchi kwathu kunabwera anamwino kudzayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero. Ine ndinangoperekeza mnzanga, kenako ndinati nanenso andione. Mnzangayo anatuluka akuseka. Ine anandiuza kuti atapaka viniga aona kamalo koyera, ndipo andilembera m'kabuku kuti pa 24 Ogasiti ndipite kuchipatala chachikulu akandionenso bwinobwino. Zina zimene ananena sindinazimve, m'makutu munkangolira.

Loweruka mayi wina wodzasoketsa diresi amacheza kuti munthu akaitanidwa kachiwiri ndiye kuti akukamuchotsa chiberekero. Samadziwa kuti akunena ine. Ndinasoka mkono wa diresi chagada.

Azakhali, akwawo kwa Yoram anapereka kale ng'ombe za malowolo. Kuno mukudziwa, ng'ombe sapereka chifukwa cha nkhope. Amayi ake anayamba kale kusankha maina a zidzukulu. Ine sindingalowe m'mudzi mwa eni ndilibe chiberekero. Kuchipatalako sindipita, bola ndisamve. Ukwati wa pa 1 Okutobala uja uthe. Auzeni ankolo atumize mawu kwa thenga wa ku Champhira, uja anayendetsa nkhani ya ukwatiyu, adzatenge ng'ombe zawo. Yoram musamuuze chifukwa chake.

Munandilera kuyambira pamene bambo anga, mlongo wanu, anatisiya. Pepani kuti ndikukubwezerani ndi manyazi. Ndiyankheni msanga.

Mwana wanu,
Linily


Luwawa
11 Ogasiti 2016

Linily mwana wanga,

Moni, moni. Ife kuno tili bwino chomene, kuzizira kokha ndiye kukutilowa mpaka m'mano.

Kalata yako ndawerenga katatu, poti Sitandade 4 yanga imakwera pang'onopang'ono ngati lole ya a Wilkins pachitunda. Koyamba ndinalira. Kachiwiri ndinakwiya ndi mayi wa diresi uja. Kachitatu ndinaseka mpaka Perpetua anathawira kwa aneba.

Khala pansi ndikuuze chimene sindinauzepo munthu. Ukukumbukira Julaye wa 2012, ndinabwera kubomako ndikuti ndadzagula mapoto a bungwe la amayi? Unaonapo poto? Panalibe poto. Kamalo koyera kako komweko anakaona pa ine. Bedi limene ukuliopalo ine ndinaligonera kale, ndiye tamvera.

M'mawa umwe phala, usapite ndi njala. Ukakhala uli kumwezi ukawauze akusinthire tsiku. Usaikeko zitsamba zilizonse, usatsuke mkati ndi sopo, angakuuze ndani. Akakufunsa kuti unasamba liti komaliza, ngati uli ndi pakati, ndiponso za magazi ako. Ukayankhe zoona, si khoti.

Bedi lake lili ndi poika miyendo. Umavula zakumunsi zokha, chitenje umafunda. Manyazi alipo, sindikunamize, koma amatha msanga, poti anesi aja aona amayi ochuluka kuposa mitengo ya paini ya kuno. Amalowetsa kachitsulo konga mlomo wa bakha kuti khomolo lioneke. Sikadula. Kamangozizira ndi kukankha pang'ono. Ukaumitsa thupi ndiye kamapweteka, ndiye upume ngati ukuuzira moto, uzigwedeza zala zakumapazi. Ikapweteka kwambiri unene, amaima. Kenako ayatsa getsi, apaka viniga, yemweyu timathira pa tchipisi, amanyerenyesa pang'ono basi. Adikira mphindi imodzi, nkumayang'ana.

Mvetsa apa, mwanawe. Anesi anandiuza kuti kamalo koyerako nthawi zambiri sikakhala khansa. Ndi malo amene akawasiya zaka ndi zaka ndiye amadzasanduka khansa. Chiswe chikayamba thabwa limodzi, umagwetsa nyumba? Umakonza thabwalo. Kakakhala kakang'ono amakathana nako tsiku lomwelo. Akakayikira amatsina kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga kukapima, iwe nkudikira yankho. Kakakhala kakakulu amakutumiza ku Mzuzu. Koma zonsezo, wopita lero aposa wopita chaka chamawa.

Ine kanga anakaziziritsa ndi gasi. M'mimba munkapota ngati tsiku loyamba la kumwezi, ndipo ndinazizidwa mpaka msana. Ndiye utenge juzi, masokosi ndi bulangete. Nditatuluka ndinayenda ndekha mpaka kudepoti, ndinadya ndi chimanga chowotcha. Pambuyo pake kumatuluka madzimadzi masabata atatu kapena anayi, usadabwe, ugule mapadi. Koma thupi likatentha, kapena pakakhala fungo, kapena magazi ambiri, ubwerere msanga.

Tsono chovuta chinali ichi. Anati masabata sikisi osagona ndi abambo. Mayo ine! Ankolo ako ndikawauza bwanji, munthu ndinachoka ndi nkhani ya mapoto? M'minibasi ndinawerenga zala, ndinapeza kuti masabata sikisi ndi Lenti ndendende. Ankolo ako kutchalitchi amapita pa maliro ndi pa Khirisimasi basi. Ndinawauza kuti amayi a bungwe tapatsidwa Lenti yachiwiri, ya mu Julaye. Mulungu andikhululukire. Anangoti "chabwino." Mpaka mowa anasiya masabata onsewo, munthu wosalakwa!

Chaka chitatha ndinabwerera kukaonedwanso, anati palibe kanthu. Novembala wake kunabadwa ndani? Amene amakudyera shuga m'chitini ukabwera kuno. Ndiye undiuze, Perpetua anatuluka m'thumba la mapoto?

Ng'ombe sizituluka. Ife a ku Dedza sitinawetepo ng'ombe, koma ankolo ako khola lija anamanga ndi matabwa opala, chitseko cha mahinjesi, ng'ombe zikugona bwino kuposa ife. Ukufuna munthu afe ndi chisoni?

Pa 24 upite. Ndipo Yoram umuuze wekha. Lenti ya bodza ndi yolemetsa, ine ndaisenza zaka zinayi.

Azakhali ako,
Felesta


Mzimba Boma
17 Ogasiti 2016

Azakhali,

Moni nonse kumeneko. Papita masiku naini chilembere kalata ija. Tsiku lililonse ndimasuzumira kumsewu, koma a Wilkins sakuoneka, yankho palibe.

Sindikukudani. Ndamva kuti chete wanuyo ndiye yankho. Mukadakhala ndi mawu abwino mukadalemba, inu simusunga mawu m'kamwa. Ndiye kuti nanunso mwaona kuti mayi uja ananena zoona.

Poti inu zakuvutani, ndachita ndekha. Dzulo ndamulembera Yoram kuti ukwati kulibe, asandifunse. Waimba kakhumi, foni ndazimitsa. Kabuku ka kuchipatala ndakaika pansi pa sutikesi. Pa 24 ndidzakhala pamakina ndikusoka mayunifolomu.

Iyi ndapatsira amayi ogulitsa mbatata akwanuko. Mumupsompsone Perpetua.

Linily


Champhira
19 Ogasiti 2016

Monire amama a Felesta,

Ndine Yoram. Ndikupereka ulemu kwa inu ndi kwa adada kumeneko. Pepani Chichewa changa, mukuchidziwa kale.

Linily wandilembera mizere itatu yokha, akuti ukwati kulibe. Foni wazimitsa. Ndinapita kushopu yake, anatseka chitseko ine ndikuona nsapato zake pansi pa chitsekopo.

Kuno kwavuta. Munthu wina anamuona akutuluka m'chipinda cha anamwino kutchalitchi akulira, mbwenu nkhani yafika kwa amama anga kuti mwina ali ndi pakati pa mwamuna wina. Ine sindikhulupirira zimenezo olo pang'ono. Koma adada akuti mwambo ndi mwambo, mkazi akakana ng'ombe zimabwerera. Thenga abwera kwanuko Loweruka pa 27. Ng'ombe zikalowanso m'khola la kuno, adada sazitulutsanso, ndikuwadziwa.

Amama, bedi ndamaliza kupala, matabwa ake ndi omwe aja ndinagula kwanu tsiku limene ndinamuona Linily koyamba. Ndikulipaka vanishi koma sindikudziwa ndikupakira ndani.

Ndapota chomene, ngati ndalakwa ndiuzeni cholakwa changa. Ngati akudwala, ndiuzeninso. Ine sindinalowole ng'ombe, ndinalowola Linily.

Yewo,
Yoram


Mzimba Boma
24 Ogasiti 2016

Abambo a Perpetua,

Lululululu! Ndayamba ndi nthungululu chifukwa moni wamba sakwana lero. Mwadzuka bwanji? Mwadya? Nyemba zija munazitenthetsa kapena mwazisiya zisase?

Lolemba ndinachoka ngati nyumba ikupsa, ndinangokuuzani kuti Linily sakupeza bwino ndipo khola musatsekule. Tsopano imvani zonse. Pafoni sindinganene, mungakwere chulu chija Luwawa yense amve.

Mwanayu anamupeza ndi kamalo kokayikitsa pa khomo la chiberekero. Anamuitana kuti akamuonenso lero, iye nkuopa kuti akamuchotsa chiberekero, mbwenu nkuthetsa ukwati yekhayekha. Ine ndinamuyankha kalekale, koma kalata yake yachiwiri ndi ya Yoram zitafika Lamulungu ndinadziwa kuti yanga sinafike. Mukudziwa ndinaipeza kuti? Lole ya a Wilkins ili pagalaji kuno, matayala akutsogolo kulibe, yakhala pa zitsa sabata ndi theka. Kalata yanga ili phee pagalasi, pansi pa makoko a nthochi. Ndinati, "A Wilkins, lole yathyoka, miyendo nayonso yathyoka? Shopu ya mwanayu si iyo ikuonekayo?" Akuti, "Amama, ndimati ndipereka lole ikachira." Ndinawasiya, mtima unali kwina.

Ndinamupeza Linily ataonda ngati singano yake yomwe. Sindinapereke ndi moni. Ndinamasula Perpetua kumbuyo, ndinamukhazika patebulo losokera, ndinatsekula kalata yanga yomwe ndi kumuwerengera mokweza, chala pamzere. Nditamaliza anamuyang'ana Perpetua, anandiyang'ana ine, anamuyang'ananso Perpetua. Akuti, "Azakhali, ndiye mapoto aja?" Tinaseka tikulira mpaka wogulitsa mandasi anasuzumira.

Ndinamuyatsitsa foni, ndinati uza mwamuna wako. Dzulo m'mawa Yoram anatulukira panjinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Linily anamuuza zonse yekha. Mnyamata uja anakhala pansi pa simenti, akuti, "Basi? Ine ndimati wandipezera wa galimoto."

Lero tinalawirira kuchipatala atatu, wachinayi Perpetua. Pabenchi amayi okhaokha, mwamuna Yoram yekha, chipewa pamaondo. Mayi wina wa ku Embangweni akuti, "Adada, namwe mwadzayezetsa chiberekero?" Benchi lonse kufa ndi kuseka! Yoram osatekeseka, akuti, "Eya amama, changa chili mwa uyu." Mayi uja anawomba m'manja, akuti mawa abwera ndi wake olo pa wilibala.

Ine ndinanyamula bulangete lathu lija la kambuku, juzi ndi masokosi anu atsopano, poti ndinamuuza mwanayu kuti amaziziritsa ndi gasi. Anesi atationa akuti, "Amayi, mwabwera kudzagonekedwa?" Ndinawafotokozera. Anaseka, akuti kuno masiku ano ali ndi kachipangizo kotenthetsa, kamutu kake ngati batani la malaya, amangokagunditsa pamalopo. Ndiye ine ndatuluka thukuta kuchokera ku Luwawa ndi bulangete, kudzafunditsa munthu amene akukamutenthetsa!

Linily anapempha kuti ndilowe naye, analola. Ndinaima kumutu ndi kumugwira dzanja. Zinayenda monga ndinalembera, mlomo wa bakha, getsi, viniga, kudikira. Mphindi imeneyo ndi yaitali, abambo, ndinamva wotchi ya pakhoma ikuyenda. Kenako anesi anaitana adokotala, anayang'ana onse awiri, akuti, "Ndi kakang'ono, konse kakuoneka bwino, si khansa. Tikathana nako pompano ngati mwavomera." Linily anafunsa ndi timawu tating'ono, "Nanga chiberekero?" Adokotala akuti, "Chiberekero mubwerera nacho kwanu, ife tilibe pochisunga."

Kutenthetsako sikunakwane ndi mphindi. Anandifinya dzanja kamodzi, akuti m'mimba mwapota. Ine ndikukonzeka kuyamba kupemphera korona, ndangomva anesi akuti tatha. Linily akuti, "Kwatha? Ine ndinathetsa ukwati chifukwa cha zimenezi?" Ndinatuluka ndi nthungululu mpaka alonda anabwera kudzandiuza kuti pano ndi pachipatala. Ndinati ndikudziwa achimwene, nchifukwa chake!

Kenako anesi anamuitana Yoram. Anawauza onse awiri za madzimadzi, za kubwerera msanga thupi likatentha, ndi kuti chaka chamawa mwezi ngati uno Linily adzaonedwenso. Ndiye anatenga kalendala. Masabata sikisi osagonana, akuthera pa 5 Okutobala. Ukwati pa 1. Yoram anawerenga zala, anabwerezanso, akuti, "Masiku anayi." Anesi akuti, "Mukwanitsa?" Akuti, "Amama, vanishi ndimamudikira aume, kuli bwanji mkazi wanga." Ine ndinati musadandaule anesi, mwambo umati azakhali aperekeze mkwatibwi. Ndikakhala ku Champhira mpaka pa 5, bedi latsopanolo ndikaliyamba ndine ndi Linily, mkamwini akagone ndi mapuleni ake opalira matabwa.

Yoram wabwerera masana ano kukauza akwawo, Linily wamulola kuti anene zonse. Koma thenga akabwerabe Loweruka, muwaphikire tiyi, khola musatsekule.

Tsopano, abambo, cholembera chayamba kulemera. Mwina mwadabwa kuti ine za gasi ndinazidziwira kuti. Ndaona mmene mnyamata uja anakhalira pabenchi, ndachita manyazi ndi ine mwini. Julaye wa 2012 sindinadzagule mapoto. Matenda omwewa anandipeza nawo ine, anandithandiza pachipatala chomwechi. Ndinaopa kuti mukamva mundiona ngati munthu wotha. Ndipo Lenti yachiwiri kulibe, abambo. Sinakhalepo chiyambire dziko. Ndinakusiyitsani mowa ndi zina zija masabata sikisi chifukwa cha bodza langa. Ndapota, mundikhululukire. Mukakwiya mukwiye ndisanafike, ndibwera Lolemba.

Iyi ndapatsira amayi a mbatata. A Wilkins ayi.

Mkazi wanu,
Felesta


Luwawa
26 Ogasiti 2016

Amayi a Perpetua,

Ndili bwino. Nyemba zinasasa.

Thenga sanadikire Loweruka, anabwera dzulo ndi bambo ake a Yoram. Sanabwere ndi chingwe, anabwera ndi tambala. Akuti amayi a Yoram akupepesa chifukwa cha mawu aja, ndipo akufunsa kuti kuchipatalako amayeza masiku ati. Khola analizungulira kawiri. Akuti sanaonepo ng'ombe zokhala ndi mahinjesi. Akutinso yofiira ija ili ndi bere, ine ndimati ndi kukhuta.

Za Lenti. Amayi, ine kutchalitchi sindipitapita, koma sindine mbuzi. Munthu wopita kukagula mapoto amabwera ndi poto. Kabuku kanu ka kuchipatala munakabisa m'chitini cha mbewu ya nyemba. Ndinakapeza tsiku lachitatu ndikufuna misomali. Zolemba za adokotala sindinazimve, ndinazikopera pa pepala la simenti ndi kukafunsa azaumoyo, dzina sindinatchule. Anandifotokozera zonse, ndi masabata sikisi omwe.

Mowa sindinasiyire Lenti. Ndinkaopa kuti mungatenthe thupi ine ndili chiledzerere, ndani akakunyamuleni. Ndinati tsiku lina munena nokha. Sindinadziwe kuti zitenga zaka zinayi ndi ng'ombe za eni.

Kabukuko kadakali m'chitini momwemo. Patsamba lomaliza analemba kuti mudzapitenso 2016. Ndi chaka chino. Ndiye Lolemba musakwere minibasi. Ndibwera ndine ndi kabukuko, ndapempha kale tchuthi kuntchito kumakina ocheka matabwa. Mundisungire malo pabenchi paja.

Ikafunikanso Lenti mungonena. Bulangete musatumize, mwina ndine ndikazizidwe.

Mumuuze Linily kuti ng'ombe zake zadya.

Tikondane